Maungu akungoyoyoka, njuchi zathawa: ofufuza aja anapeza chiyani?

MayiWaMpemba:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi dandaulo, odziwa andithandize. Chaka chino maungu anga achita maluwa ambiri, koma timaungu tikangokula pang'ono timachita chikasu n'kuyoyoka. Nkhaka chimodzimodzi. Nthaka ndi yomweyija, manyowa ndinathira, mvula sinavute kwenikweni. Aneba anga anali ndi ming'oma kumtsinje, njuchi zawo zinatha mu Januwale, nthawi yomwe tonse tinkapopera chimanga chifukwa cha ntchemberezandonda. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti chaka chathachi kunabwera achinyamata ofufuza. Anaika timbale tachikasu, toyera ndi tabuluu m'munda mwanga, nathiramo madzi a sopo, akuti akuwerenga tizilombo. Anatenga tizilombo tawo m'timabotolo, anandifunsa mafunso ambirimbiri, basi mpaka lero sanabwerenso. Kodi kafukufuku wotereyu amathandiza ndani? Nanga maungu angawa vuto n'chiyani?

Kabaza_Ndirande:
Amathandiza iwowo, mayi. Akalemba zawo, akalandira digiri, kumudzi sabwererako. Kwathu ku Thyolo tinaziona zimenezi.

NjuchiZaMichiru:
Mayi, pepani ndi zimenezi. Za ofufuzazo ena ayankha, ine ndiyankhe za maungu chifukwa ndimaweta njuchi kuno kumbali ya Chilomoni. Dzungu limatulutsa maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi. Duwa lalikazi ndi lija limabwera ndi kadzungu kumunsi kwake. Lalimuna ndi lija la phesi lalitali lopanda kanthu, limene timathyola kukaphika chiluwe. Kuti kadzungu kaja kakule, mungu uyenera kuchoka pa lalimuna kukafika pa lalikazi. Mungu wa dzungu ndi wolemera komanso womata, mphepo siunyamula mmene imanyamulira wa chimanga. Ntchito imeneyi ndi ya njuchi, bemberezi ndi tizilombo tina touluka. Chovuta n'chakuti duwa la dzungu limatseguka tsiku limodzi lokha, m'mamawa, pofika masana lafota. Njuchi ikapanda kufika m'mawa umenewo, kapena ikafika n'kusiya mungu wochepa, kadzunguko kamachita chikasu n'kugwa, ndendende mmene mwafotokozeramu.

Mawa lawirirani, muime m'munda dzuwa likamatuluka, muone ngati m'maluwamo mukulowa kanthu. Ngati muli zii, thyolani duwa lalimuna, muchotse masamba ake achikasuwo, kamtima kotsalako mukhudzitse pakati pa duwa lalikazi. Ndipo chiluwe muzichisiya kaye mpaka dzuwa litakwera.

Phwetekere_Bvumbwe:
Achimwene a njuchi, musathamangire. Kulinso ntchentche zija zimaboola zipatso n'kuikiramo mazira, zomwe zimaonongetsa mango. Nazonso zimayoyola maungu ndi nkhaka. Mayi dulani timaungu tagwato. Mukapeza kachibowo kunja ndi mphutsi m'kati, vuto si mungu ayi.

NjuchiZaMichiru:
Mwanena zoona bambo. Adule kaye.

MayiWaMpemba:
Ndadula tonse ndinatola madzulo ano. Ta mphutsi ndi tochepa, tambiri m'kati mulibe kanthu, tangofota. Ndiye kuti zonse ziwiri zilipo, koma lalikulu ndi la njuchi. Zikomo abambo nonse.

MlangiziWopuma:
Ndagwira ntchito ya ulangizi mpaka kupuma, ndiye ndilankhulepo za kupopera. Mbozi zimenezi si zathu, kwawo ndi ku America. Zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha izo. Chichokereni nthawi imeneyo mlimi akangoona tsamba lobooka amathamangira sipuleya. Sindikumudzudzula, chimanga ndi moyo wathu. Koma ofufuza anaphunzira zambiri za mbozi imeneyi zimene ambiri sitizitsata.

Mayi wake ndi gulugufe wouluka usiku. Amaikira mazira m'magulu a 100 kapena 200 pa tsamba, ndipo mmodzi angathe kuikira oposa 1,000 pa moyo wake. Kukamatentha, pamatenga pafupifupi mwezi umodzi kuchokera pa dzira kufika pa gulugufe wina. Mbozi ikakula imabisala pansonga pa chimanga, pamene pamatulukira masamba atsopano, n'kudzitsekera ndi ndowe zake. Masana imakhala m'menemo. Ndiye amene akupopera 10 koloko m'mawa, mankhwala ake ambiri akugwera pa masamba, pa maungu, nyemba ndi khobwe zimene zili pansi pa chimangacho, nthawi yomwe njuchi zili pantchito. Mbozi ili phee m'kati. Poperani madzulo dzuwa litapendeka, mulunjike pansonga pomwepo, ndipo chitani zimenezi mbozi zikadali zazing'ono.

Chinanso, chimanga chimapirira. Masamba obooka sikuti zokolola zatha. Musanagule mankhwala yendani m'munda mokhotakhota, muime malo 5, pamalo aliwonse muone mapesi 10. Mukatero mudziwa ngati vuto ndi la munda wonse kapena la kangodya kamodzi kamene mungathe kungophwanya mazira ndi mbozi ndi manja.

Nachisale_Machinjiri:
Bambo mlangizi, kuphwanya ndi manja n'kotheka kwa ife a kamunda kakuseri kwa nyumba. Wa maekala atatu achita bwanji?

MlangiziWopuma:
Wa maekala atatu ndiye ayenera kuyendera munda kuposa aliyense, chemwali, chifukwa ndi amene amataya ndalama zambiri pa mankhwala. Sindinati asapopere. Ndati adziwe kaye chimene akupopera.

Phwetekere_Bvumbwe:
Ife a tomato tisanamizane, popanda mankhwala sitikolola. Chibwerereni kambozi koboola masamba kaja, Tuta absoluta, ena amapopera kawiri pa sabata. Ndipo mankhwala amene ankagwira poyamba pano sakugwira.

WophunziraZaulimi:
Sakugwira chifukwa chopopera mtundu umodzimodzi mobwerezabwereza, bambo. Tofooka timafa, topirira timatsala n'kuswana. Sinthanitsani mankhwala a magulu osiyana, osati kungosintha dzina la pabotolo. Ndipo a m'timabotolo topanda lebulo amene mavenda amagulitsa mu Limbe muwapewe. Kwanu ku Bvumbwe komweko ndi kumene kuli Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo, mukhoza kufunsa ngati mankhwala ali olembetsedwa.

Koma ndabwerera funso la mayi athu a ku Mpemba, chifukwa inenso ndinatcherapo timbale totere pophunzira. Mitundu itatu ija si yokongoletsa. Tizilombo tosiyana timakopeka ndi mitundu yosiyana, timayesa duwa. Sopo ndi woti kachilombo kakatera kamire. Tikatenga timakaika m'mankhwala osungira, kenako kumayang'ana kamodzikamodzi pa makina okuzira zinthu kuti tidziwe mtundu wake. Padziko lonse pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri simanga ming'oma kapena kupanga uchi woti n'kufula. Zina zimakumba pansi, zina zimaboola mitengo youma. Odziwa kuzisiyanitsa kuno ndi ochepa, moti zina zimatumizidwa kunja. N'chifukwa chake zimachedwa.

Cholinga nthawi zambiri chimakhala kuyerekeza minda: wa pafupi ndi nkhalango ndi wa patali, wopopera kwambiri ndi wosapopera. Kafukufuku wa m'maiko ambiri anaonetsa kale kuti minda yoyandikana ndi tchire kapena nkhalango imachezeredwa kwambiri ndi tizilombo tonyamula mungu, ndiponso kuti njuchi zam'tchire zimathandiza zipatso kugwira ngakhale pamene pali ming'oma. Zimenezi sindikunenera kuti ndiwaikire kumbuyo amene anabwera kwanuwo. Kusabwerera n'kulakwa. Munda ndi wanu, nthawi inali yanu.

Kabaza_Ndirande:
Mwavomera nokha kuti n'kulakwa. Ndiye ine ndanama pati?

WophunziraZaulimi:
Pamene mwati zimathandiza iwo okha, achimwene. Funsani akuluakulu a ku Nkhata Bay za kodikodi, kachilombo koononga chinangwa kaja.

GogoWaLunzu:
Eya mwanawe, zimenezo ndikuzikumbuka. Ndinali ndi abale kumeneko. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 chinangwa chinapiringizika nsonga, chinayera mbuu, anthu odalira kondowole anagona ndi njala. Fotokozani bwino achinyamata amve.

WophunziraZaulimi:
Zikomo agogo. Kodikodi anachokera ku South America, analowa mu Africa m'ma 1970 kudzera ku Congo, n'kufalikira chifukwa kuno kunalibe mdani wake. Ofufuza a bungwe la zaulimi la IITA ndi anzawo anakasaka kwawo kwa kachilomboka, ndipo ku Paraguay anapeza kamavu kakang'ono kwambiri kamene kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi. Anakayesa kaye kuti atsimikize kuti sikaononga zina, anakaswetsa, n'kukamwaza m'maiko ambiri kuphatikizapo Malawi. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyi, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Mlimi sanagule botolo lililonse, ndipo mpaka lero kamavuko kakugwirabe ntchito m'minda ya chinangwa, eni minda osakaona n'komwe. Zinayamba ndi anthu otola tizilombo m'timabotolo.

Namasupuni wa mu Shire nayenso anamubweretsera tizikumbu todya masamba ake m'ma 1990. Sanathe, koma ndi njira yomweyo.

Kabaza_Ndirande:
Chabwino, imeneyo ndaimva. Koma ya mayiwa ikadalipo.

AphunzitsiChileka:
Ikadalipo ndithu. Ine chimene ndimaona n'chakuti zotsatira zimalembedwa m'Chingerezi chovuta, n'kukaikidwa pa intaneti pamene ena mpaka ulipire kuti uwerenge. Agogo anga sangazipeze. Chikhala kuti aliyense wofufuza m'mudzi amakakamizidwa kubwerera kwa amfumu, kuitanitsa msonkhano, n'kufotokoza m'Chichewa zimene wapeza, ngakhale atapeza zochepa. Tsamba limodzi lokha lomata pa bolodi ya kusukulu kapena kutchalitchi lingakwane.

MlangiziWopuma:
Aphunzitsi, njira yabwino inayambira kuno komwe ku Malawi, anthu amaiwala. Ofufuza za nthaka ankakhazikitsa munda umodzi waukulu pakati pa mudzi, wokhala ndi njira zonse zimene akuyesa, umene ankautcha mayi. Kenako alimi ambiri aliyense ankasankha njira ziwiri kapena zitatu kukayesa m'munda mwake, timinda timeneti n'kumatitcha ana. Mlimi ankayesa yekha, kuona yekha, n'kuwauza ofufuza chimene chamukomera ndi chimene chamutopetsa. Kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza, chaka chotsatira n'kubzalapo chimanga, kunafala kudzera m'njira imeneyi. Pamenepo mlimi sadikira lipoti chifukwa zotsatira zili m'munda mwake.

Nachisale_Machinjiri:
Nanga za msuzi wa usipa zija n'zoona? Apongozi anga amathira pa chimanga, akuti mbozi zimatha. Ine ndimaona ngati n'kutaya ndiwo.

GogoWaLunzu:
N'zoona mwana wanga. Msuzi supha mbozi, umaitana nyerere. Nyerere zikakwera phesi zimakoka mbozi zing'onozing'ono. Ena amaonjezera shuga. Ine ndimathiranso dothi kapena mchenga wosakaniza ndi phulusa pansonga.

Phwetekere_Bvumbwe:
Phulusa likachuluka limawotcha chimanga chaching'ono, agogo. Ndinaona kwa mnzanga.

GogoWaLunzu:
N'chifukwa chake ndati wosakaniza. Kadzanja kamodzi ka phulusa, mchenga wambiri.

WophunziraZaulimi:
Apa ndi pamene kafukufuku amafunika kwambiri, kuyesa nzeru zimene alimi ali nazo kale kuti tidziwe muyezo wake. Chitsanzo ndi ombwe. Alimi ena ankati ombwe umapha nsabwe za m'masamba ndi anankafumbwe, ena ankati n'zabodza, ndayesa sizinagwire. Ofufuza a kuno pamodzi ndi a ku Kew ndi Natural Resources Institute ku Britain atapima masamba ochokera m'madera osiyanasiyana, anapeza kuti ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Wina uli ndi mphamvu yopha tizilombo, wina ulibe. Ndiye onse aja ankanena zoona. Mukafuna mbewu ya ombwe, katengeni kwa munthu amene wake amagwira ntchito. Ndipo musatsukire zidebe zake mumtsinje, umapha nsomba.

NjuchiZaMichiru:
Ndibwerere pa ming'oma ya aneba aja. Mayi, kawafunseni chimene anapeza pakhomo pa mng'oma. Njuchi zikafa ndi mankhwala mumapeza mulu wa zakufa pansi, zina zikugwedezeka, zikulephera kuuluka. Zikathawa zokha mumapeza mng'oma uli mbee, mulibe zakufa. Njuchi zathu za mu Africa sizichedwa kusamuka. Linthumbu likalowa, zimapita. Mng'oma ukadontha, zimapita. Chakudya chikasowa, zimapita. Ndipo anthu sadziwa kuti chimanga chikamasula, njuchi zimapita kukatenga mungu pa ngayaye, ndiye wopopera nthawi imeneyo amazipha ngakhale m'munda mulibe dzungu.

Koma ine chimene chikundidetsa nkhawa kuposa mankhwala ndi njala ya njuchi. Njuchi imauluka makilomita awiri kapena atatu kufuna maluwa. Imani pa Mpemba kapena pa Chigumula mu Seputembala muyang'ane mbali zonse: minda yapsa, mitengo kulibe, duwa mulipeza kuti? Kale mitengo yachilengedwe ya m'mapirimu, mombo, tsamba, masuku, mthethe, inkachita maluwa nthawi zosiyanasiyana, njuchi zinkadya chaka chonse. Kuno ku Michiru tikuona ndi maso nkhalango ikutha, usiku kumamveka nkhwangwa.

MwanaWaChilobwe:
Mukatchula mapiri mtima wanga umawawa. Ine ndinali pano mu Malichi 2023 pamene Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Anthu amene ndinkapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku anapita usiku umodzi. Ena sanapezeke mpaka lero. Phiri limene lija linali ndi mitengo ife tili ana. Lero anthu ayambanso kulima ndi kumanga momwe munadutsa madzi. Ofufuza anabwera ambiri, ena ndi timandege tojambula. Ifenso sitinamve chimene anapeza.

AphunzitsiChileka:
Pepani kwambiri achimwene. Mulungu apitirize kukutonthozani.

WophunziraZaulimi:
Pepani. Ndinene mosamala: mvula ya Freddy inali yoopsa moti ngakhale mapiri ena okhala ndi mitengo anagumuka. Mitengo siikanaletsa zonse. Koma mizu imagwira dothi lapamwamba, masamba ogwa amachepetsa liwiro la madzi, ndipo phiri likakhala nkhalango anthu samanga m'mphepete mwa zigwembe. Dothi limene limakokoloka m'mapiri ndi m'minda limakathera mu Shire, momwe muli Walker's Ferry pamene timapopa madzi akumwa a mzinda uno wa Blantyre, ndi Nkula pamene timapangira magetsi.

WaMakalaKale:
Ndadikira kuti wina atchule makala, ndiye ndiyambe ndekha. Ine ndinawotchapo makala zaka zambiri kumbali ya Kunthembwe, ndinkakankha njinga usiku kubwera nawo m'tauni. Sindinkachita chifukwa chodana ndi mitengo. Ana ankafuna fizi. Ndipo ogula anali inu nomwe a m'tauni, ena mwa inu muli pagulu pano, mbaula ili pakhonde. Mukamanena za nkhwangwa muzinenanso za mbaula.

Nachisale_Machinjiri:
Tiphikire chiyani bambo? Magetsi akuzimazima, mayunitsi akwera, gasi ndi wa olemera.

Kabaza_Ndirande:
Ndipo gasiyo ukamufuna umapeza watha.

Phwetekere_Bvumbwe:
Gasi sikuti ndi wodula kuposa makala mukawerengera mwezi wonse. Chodula ndi kugula silinda poyamba.

Nachisale_Machinjiri:
Poyambapo ndi pamene pali vuto. Makala ndimagula a kapepala kamodzi, tsiku latha.

Admini_Zaulimi:
Abale, ya magetsi ndi gasi tiitsegulire mutu wakewake. Pano tibwerere ku minda, mitengo ndi tizilombo.

WaMakalaKale:
Chabwino a admini. Ndinene chimene ndinaphunzira kutchire, chimene obzala mitengo ambiri sachidziwa. Mtengo wachilengedwe ukadulidwa nthawi zambiri sufa. Chitsa chimaphukira, mizu yake ili kale pansi patali. Chimene chimapha ndi moto wa osaka mbewa, mbuzi, ndi khasu la wolima. Kwathu tinagwirizana ndi amfumu kusiya kaphiri kena osalima, osatentha. Pachitsa chilichonse timasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina timadulira n'kukhala nkhuni. Sitinabzale mbande ngakhale imodzi, koma lero muli mthunzi, bowa wabwerera, amayi akutola masuku. Pamene chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo timamva za mitengo yobzalidwa, anthu ajambulitsa, koma pofika Okutobala yambiri yauma chifukwa palibe woisamala.

MlangiziWopuma:
Bambo, zimene mwanenazi ofufuza amazivomereza. Ku Niger njira yomweyi yosamala zitsa inabwezeretsa mitengo pa mahekitala mamiliyoni. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030, ndipo ndi mbande zokha sitingafike. Za bowa mwanenazo zili ndi chifukwa chake: bowa wambiri wam'tchire amakhala pa mizu ya mombo, tsamba ndi masuku, amadyetsana ndi mtengowo. Mukadula mitengo imeneyi n'kubzala bulugama, bowa uja sabwerera.

AphunzitsiChileka:
Koma bulugama tisamunyoze kwambiri. Amakula msanga, milimo ndi nkhuni timadalira iye, ndipo njuchi zimakonda maluwa ake.

NjuchiZaMichiru:
Zimakonda ndithu, uchi wake ndi wambiri. Vuto ndi kubzala mtundu umodzi phiri lonse, kapena kumubzala m'mbali mwa mtsinje ndi pa kasupe. Ndipo onani masamba a bulugama masiku ano, ali ndi timatuza, ena ali ndi timamba toyera. Ndi tizilombo tochokera kwawo ku Australia tamulondola. Mtundu umodzi ukagwidwa, nkhalango yonse yagwidwa. Zinachitikanso ndi nsabwe za mitengo ya saipuresi, zimene mu Africa muno zinaoneka koyamba ku Malawi mu 1986, n'kugwiranso mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Ofufuza za nkhalango a bungwe la FRIM ku Zomba ndi amene amatsata zoterezi.

Kabaza_Ndirande:
Phiri la Ndirande linali ndi paini ife tikukula. Linametedwa m'ma 1990, aliyense akuona. Pamenepo sipanafunike kafukufuku, panafunika anthu oletsa.

WaMakalaKale:
Oletsa okha sakwanira, achimwene. Pamene anthu akudyapo kanthu, uchi, bowa, nkhuni zodulira, amalondera okha.

MayiWaMpemba:
Ndapita kwa aneba aja. Akuti mng'oma umodzi anapeza njuchi zakufa zambiri pansi, winawo unangokhala wopanda kanthu patapita masabata. Ndiye mwina woyamba ndi mankhwala athu omwe. Zandikhudza, chifukwa tonse m'dera lino tinapopera masana, palibe anatiuza. M'mawa uno ndinaima m'munda monga munanenera, ndinaona bemberezi ndi tinjuchi tochepa kwambiri. Ndayamba kukhudzitsa maluwa ndi manja. Koma chaka chamawa ndichite chiyani kuti ndisadzapoperenso chonchi?

WophunziraZaulimi:
Mayi, pali njira ina imene anaipeza a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Kenya pamodzi ndi a Rothamsted ku Britain. Pakati pa mizere ya chimanga mumabzala desmodium, chomera cha gulu la nyemba chimene fungo lake limaingitsa agulugufe oikira mazira. M'malire mwa munda mumabzala nsenjere kapena udzu wa brachiaria umene umawakopa. Anaipangira kapuchi, koma anapeza kuti imachepetsanso ntchemberezandonda, ndipo mizu ya desmodium imalepheretsa kaufiti kuyamwa chimanga. Zonse ziwiri ndi chakudya cha ziweto.

Phwetekere_Bvumbwe:
Mbewu ya desmodium muipeza kuti mu Blantyre? Ndipo pakati pa mizere ndi pamene mayiwa amabzala maungu, nyemba ndi nandolo. Achotse ndiwo abzale chakudya cha ng'ombe, ng'ombe alibe? Njira imeneyo ndi yabwino kwa a ng'ombe zamkaka kuno ku Bvumbwe ndi ku Thyolo. Kwa ena ayi.

MlangiziWopuma:
Apa ndili mbali ya bambo a tomato. Minda yathu kuno kumwera ndi yaing'ono, ndipo kasakaniza amene amayi athu amachita kale ndi chitetezo pachokha. Munda wa chimanga, nandolo, khobwe ndi maungu umasunga nyerere, akangaude, timavu ndi mbalame zimene zimadya mbozi. Mukapopera mankhwala a cypermethrin munda wonse mumapha alonda amenewa poyamba, mbozi n'kubwerera popanda woiletsa. Mayi, bzalani ndi mvula yoyamba, chifukwa chimanga chochedwa ndi chimene chimagwidwa kwambiri. Dyetsani nthaka, chimanga champhamvu chimapirira. Nandolo musamusiye, maluwa ake amabwera chimanga chitakololedwa, nthawi imene njuchi zilibe pogwira. M'malire siyani kamzere ka tchire kosatentha, muikemo mpendadzuwa, deliya kapena ombwe.

Ngati malo alipo ganiziraninso gilisidiya. Ku Makoka, kufupi ndi Zomba, anamuyesa pamodzi ndi chimanga kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudulira masamba n'kumakwirira m'mizere, ndipo chimanga chinkabereka kuposa cha m'munda wopanda feteleza chaka ndi chaka. Nthambi zake ndi nkhuni. Koma amafuna manja, kudulira kukachedwa amaphimba chimanga.

Chachikulu, nkhani ya nthawi yopopera siingatheke munthu mmodzi. Njuchi sidziwa malire a munda. Ipititseni kwa amfumu ndi kwa alangizi a dera lanu, mugwirizane mudzi wonse kuti kupopera ndi madzulo, ndipo wa ming'oma aziuzidwa dzulo lake.

GogoWaLunzu:
Ndipo musaiwale mileme. Kumusi kuno cha ku Mdeka ndi Zalewa ana amaigenda, koma maluwa a mlambe amatseguka usiku, ndipo ndi mileme imene imanyamula mungu wake. Malambe amene mukugula pamsewu aja ndi ntchito yake.

AphunzitsiChileka:
Ine ndaganiza chochita ndi ana a kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwathu. Tili ndi dimba la maungu. Tingathe kumawerenga tokha tizilombo tobwera pa maluwa, osadikira alendo. A WophunziraZaulimi, tingachite bwanji kuti zimene tipeze zikhale zomveka?

WophunziraZaulimi:
N'zotheka aphunzitsi, ndipo sipafunika kupha kachilombo. Sankhani maluwa owerengeka, mwachitsanzo 10, nthawi ikhale yomweyomweyo m'mawa uliwonse, mwana aliyense ayang'ane kwa mphindi 10. Alembe tsiku, nyengo, ndi chimene chatera: njuchi ya uchi, bemberezi, kanjuchi kena, ntchentche. Chimene sakuchidziwa ajambule pa foni. Maluwa ena aakazi muwamange ndi kathumba ka neti madzulo asanatseguke kuti kachilombo kasafikepo, ena muwasiye, ena muwakhudzitse ndi manja, kenako muone amene agwira. Mukapeza sukulu ina yoyandikana ndi Michiru ichite chimodzimodzi, mudzayerekeze. Ine ndikonza fomu ya m'Chichewa ndiike pagulu pano.

NjuchiZaMichiru:
Ya kufupi ndi Michiru ndikalankhula ndi aphunzitsi a kuno. Ana akafuna kuona mng'oma ndili ndi zovala zodzitetezera ziwiri, azibwera awiriawiri ndi mphunzitsi wawo.

Nachisale_Machinjiri:
Agogo a ku Lunzu, ombwe wanu ndi wogwira uja? Ngati ndi choncho mundisungireko mbewu.

GogoWaLunzu:
Wanga amagwira, ndimathira pa mpiru ndi m'nyemba zosunga. Nyemba zake zikauma mu Julayi ndidzanena pano. Masamba muziwaumitsa pamthunzi, osati padzuwa, ndipo posinja mumange kansalu kumphuno.